Thumba la Pampu Lili pa Khonde

Limbani mwana wanga,

Ndikulemba chifukwa kulankhula kwatikanika. Masana aja tinayamba bwinobwino, ine pa mpando iwe pa khonde, koma posakhalitsa tinali tikukuwa ngati anthu olimbirana malire a munda, mpaka abambo ako anatenga chipewa n'kunena kuti akukaona mbuzi. Mbuzi zake ziti, poti zonse zinali gone pansi pa mango pomwepa? Iwenso wavala ovolosi yako ija n'kupita pa Nsaru kukatsanzika anzako. Ndiye ndati ndigwire pepala dzuwa likadalipo, chifukwa pepala silindidula mawu, silinena kuti "amayi simukumvetsa". Uwerenge mpaka kumapeto, usadumphe mizere.

Nkhani ndi imodzi, ndipo ukuidziwa. Mawa ukupita ku koleji kukayamba maphunziro a umakaniko wa galimoto, ndipo ndakondwa, Mulungu ndiye mboni. Koma pampu yanga yothirira ku dimba, imene unaimasula sabata yatha, ili zidutswazidutswa. Matimati ali pa maluwa, dzuwa ndi ili ukulionali, ndipo chigwirireni iwe sipanala ndikuthirira ndi ndowa kuchokera pa chitsime cha kumunsi. Pa mabedi a kumtunda maluwa ayamba kale kuyoyoka. Ndasonkhanitsa zonse za pampuyo, ndaziika m'thumba la feteleza, ndamanga kukamwa, lili pa khonde. Ndikufuna upite nalo ku sukulu kwanuko, ukaibwezere mwakale pamaso pa aphunzitsi. Iwe ukuti ayi, zimenezo n'zochititsa manyazi. Tasiyanirana pamenepo.

Ndikukumbutse tsiku lija a koleji anaitana makolo a ana onse osankhidwa, chifukwa mwina iwe unaona zina, ine ndinaona zina. Anatilowetsa m'chinyumba chophunziriramo ntchito, pansi posalala ngati m'chipatala. Munali makina okweza galimoto m'mwamba munthu n'kumayenda kunsi kwake ali chiimire, munali injini yodulidwa pakati dala kuti muziona za m'mimba mwake, munalinso kompyuta imene amati ukailumikiza ku galimoto imanena yokha pamene pakupweteka. Zonsezo zinachokera ku kampani ya m'tauni yogulitsa galimoto zatsopano, imene yagwirizana ndi sukulu yanu. Bambo wa tayi wochokera ku kampaniko anafotokoza kuti anakhala pansi ndi aphunzitsi n'kukonzanso zimene muziphunzira, kuti amakaniko awo azibwera kudzakuonetsani ntchito, ndipo ochita bwino adzawatenga kukazolowera ntchito ku galaja yawo, ena mpaka kuwalemba. Ovolosi ukunyadirayi, ya dzina lawo kumsana, anagawa tsiku lomwelo. Zinali zabwino, sindikana. Ndinaomba m'manja kuposa onse, ndipo nthungululu ndinayambitsa ndine.

Kenako anati amene ali ndi funso afunse. Makolo onse anangoyang'ana nsapato zawo. Ine ndinakweza mkono, iwe n'kumandikoka chitenje.

"Pepani bambo," ndinatero, "ine ndili ndi pampu ya petulo ku dimba, m'mawa imatsokomola isanalire. Kodi kompyuta yanuyi ingaipeze matenda?"

Anyamata a kumbuyo anaseka. Bamboyo sanaseke, anandiyankha mwaulemu ndithu.

"Mayi, pampu yanuyo ilibe polumikizira kompyuta. Ife mbali yathu ndi galimoto za masiku ano."

Ndinathokoza n'kukhala pansi. Nditacheuka ndinakupeza wamira m'mpando, mutu uli m'mawondo, ngati ndatukwana m'tchalitchi. Mpaka lero sindikuona chimene ndinalakwa. Anati tifunse, ine ndinafunsa chimene chimatidyetsa.

Koma chimene ukuchita ngati waiwala n'chakuti potuluka, mphunzitsi wa imvi uja, wophunzitsa za injini, anatitsatira mpaka pa geti. Iwe unali pomwepo, ngakhale maso anali pa foni.

"Amayi," anatero, "funso lanu lija si loseketsa. Pokambirana ndi a kampaniwa, iwo ankafuna kuti ana ayambe ndi galimoto zawo tsiku loyamba lomwe. Ife tinati zipangizo talandira ndi manja awiri, koma teremu yoyamba ikhala ya mainjini ang'onoang'ono, chifukwa ana ambiri adzabwerera kumene anachokera. Tinakokanakokana, mapeto ake anavomera, si anthu ovuta. Alimi amatibweretsera mapampu ndi njinga zamoto zowonongeka, ana amaphunzirirapo ife tikuyang'anira. Ikadzakuvutani pampuyo, mnyamatayu adzabwere nayo."

Adzabwere nayo, Limbani. Si ine ndinapeka mawu amenewa. Khomo analitsegula mwini wake, iwe ukuima panja n'kumati mwina mkati muli galu.

Unabwera kuno utaledzera ndi injini yodulidwa ija. Pa chakudya inali injini, pa mjigo injini, ngakhale abusa atakupatsa moni unawafotokozera mmene pisitoni imayendera. Tsiku lina ine ndili ku msika unapita ku dimba, n'kuisenza pampu mpaka pabalaza. Inkatsokomola, inde, chingwe unkachikoka kangapo isanalire, koma ikalira inkatunga madzi mpaka bedi lomaliza. Munthu wa chifuwa samung'amba pamimba. Unauza abambo ako kuti ungotsuka kabuleta basi, iwonso n'kuvomera, monga amavomerera chilichonse chimene sichikuwachotsa pa mpando. Pofika madzulo ndinapeza kabuleta kwake, pisitoni kwake, chopopera madzi kwake, iwe manja bii, ukumwetulira ngati wapha nguluwe. Mvera apa: chinthu chimene chikugwira ntchito, ndipo anthu akudyera pomwepo, usachimasule chifukwa chongofuna kuona m'kati mwake. Ku sukulu akupatsa zoonera m'kati zambirimbiri, zimene zikafa palibe wogona ndi njala.

Za kusesa zija ndinenepo, popeza wazisandutsa nyimbo. Ndikuvomera kuti unatsuka kachitsulo kalikonse ndi palafini n'kuyala pa mkeka mwadongosolo, kakang'ono pafupi ndi mnzake, mabawuti m'mizere ngati ana pa asembule. Zinkaoneka bwino, ndipo mumtima ndinati mwanayu manja ali nawo. Koma unayala pabalaza panga, pa sabata imene amayi a ku mpingo amadzapemphera m'nyumba muno. Unkafuna ndiwakhazike pati, pa denga? Ndinakuyang'ana sunapezeke, ndiye ndinakokolola zonse n'kuika m'lichero, ndinakolopa, ndinayala mkeka wina. Palibe chimene ndinataya, ngakhale kawaya. Iwe pobwera unagwira mutu n'kunena kuti mukanapanda kusesa amayi ndikanabwezera. Ine ndikuti ukanapanda kumasula ndikanasesa chiyani? Tikhoza kukangana mpaka mvula igwe, matimati sakumva. Chimene ungatolepo n'chakuti ntchito ya zitsulo ili ndi malo ake, ndipo ukaiyala pa malo a anthu ena uwauze asanagwire tsache.

Usaganize kuti sindinayese kwina. Ndinasenza lichero lija mpaka kwa a Mbewe okonza njinga zamoto pa Nsaru, amene akhala akuisamalira pampuyi chiigulireni. Anavundukula nsalu, anayang'ana, anavundikiranso.

"Mayi, injini ya m'lichero ine sindilandira," anatero. "Ikakana kulira mudzati a Mbewe aba chitsulo. Amene anatsegula, atseke yemweyo. Komanso mnyamata wanu uja anadutsa pano ndi ovolosi yake, anandiuza kuti kompyuta ikubwera kudzatichotsa ntchito ife a pansi pa mtengo. Ndiye mungodikira kompyutayo, eti?"

Ndinabwerera ndi lichero langa pamutu, anthu pa msika akufunsa ngati ndikugulitsa mtedza. Manyazi ukuwanena iwewo ndinawalawa kale ine tsiku limenelo, m'malo mwako. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Iwe wausiya mlomo usanayende n'komwe, ndipo waupeza ndine. Kumene ukupitako, wina aliyense wogwira sipanala, kaya ndi wa pansi pa mtengo kaya ndi wa galaja ya magalasi, umulankhule ngati munthu amene tsiku lina udzamubwereka chida. A Mbewe ukabwera pa holide ukawapepese, ndipo upite utavala malaya wamba.

Kampaniyo sindikudana nayo, undimve bwino. Ndimaidziwa mtundu wake, chifukwa takhala tikulima fodya wa mgwirizano. Ogula fodya amatipatsa mbewu, feteleza ndi alangizi, n'kutiuza tsamba limene akufuna, ndipo timalima lomwelo chifukwa ndilo adzagule. Palibe choipa pamenepo, aliyense amasamala chake. Koma kodi unationapo titadzala fodya munda wonse mpaka pakhomo? Chimanga chathu timasiyira malo, mtedza timasiyira malo, chifukwa chaka chimene ogula asintha maganizo sitingaphike tsamba. Kampani yanuyo yakupatsani makina kuti mudzadziwe galimoto zake, ndipo udziwe ndithu, udziwe kuposa anzako onse, kompyutayo uiloweze ngati katekisimu. Koma teremu ya mainjini ang'onoang'ono imene aphunzitsi anakumenyerani nkhondo ndiyo chimanga chako. Usaione ngati nthawi yodikirira kuti zenizeni ziyambe.

Ndili mtsikana, ndisanakumane ndi abambo ako, ndinapita ku maphunziro a zosoka ku Namitete. Sitolo ina ya m'tauni inali itapereka makina amagetsi atsopano, ongoponda pang'ono iwo n'kuthamanga okha. Pakona panali makina akale opalasa ndi mapazi, amene tinawapatsa dzina loti agogo. Aphunzitsi ankati tizisinthana pa agogowo, koma aliyense ankathawa, ine ndiye ndinali katswiri wothawa. Titamaliza, a sitolo anatenga atsikana ochepa kupita nawo m'tauni, ndipo anakachita bwino, ena ali komweko mpaka lero. Ine sindinali m'gulumo. Ndinabwera kumudzi ndi satifiketi, agogo ako aamuna n'kukabwereka makina opalasa kwa telala kuti ndisoke mayunifolomu a ana a sukulu. Ndinakhala pa mpando anthu atazungulira kudzaona mwana wophunzira. Gudumu linkabwerera m'mbuyo, ulusi duu, singano thyoo, mpaka telala anabwera kudzatenga makina ake ndisanawaphe. Magetsi aja ndinkawadikira, taona wekha, mpaka lero mawaya amathera pa Nsaru. Sitolo ija sinandinamize. Inatenga amene inkawafuna, otsalafe tinabwerera kumene kunali agogo okhaokha.

Ndiye ndikamakuona ukunyoza pampu, ukuti ndi kachinthu ka alimi, iwe ndiwe wa galimoto zolankhula ndi kompyuta, mtima umandiwawa chifukwa ndikudziona ndekha. Mwina adzakutenga a kampani, ndipo ndikupemphera kuti akutenge. Koma munali anyamata ndi atsikana odzaza chinyumba chija, ndipo galaja ndi imodzi. Ukapanda kutengedwa udzabwera kuno, kumene injini zake ndi za zigayo, za njinga za kabaza, za mapampu m'madambo monsemu kuyambira kuno mpaka ku Nambuma, ndi malole okalamba onyamula mabelo a fodya. Palibe ngakhale imodzi yokhala ndi polumikizira kompyuta. Ukatengedwanso, udzabwerabe pa maliro ndi pa maukwati, ndipo anthu adzakuonetsa zomwezo.

Unanena masana aja kuti ndiisunge pampuyo, udzaikonza pa holide ukadzaphunzira bwino. Tatuluka panja uyang'ane kuseri kwa nkhokwe. Pikapu ija nkhuku zimaikiramo mazira inabwera pano ikuyenda yokha, chaka chimene fodya anagulidwa bwino, iwe uli kumsana. Inkavuta giya imodzi yokha. Mnzawo wa abambo ako wa ku Kasiya, amene ankati anakhalapo dalaivala wa lole, anabwera Loweruka lina n'kutsitsa giyabokosi yonse, kenako anamva za maliro kwawo. Anati tisakhudze kanthu, abwera akaika maliro. Ine ndinamuphikira nkhuku ya ulendo, ndinamuperekeza mpaka pa msewu ndi ulemu wonse. Maliro amenewo sanathe mpaka lero. Mvula inagwa, zitsulo zinachita dzimbiri, ana anatola mabawuti kukapangira magalimoto a mawaya, mwina ena unatola ndiwe. Abambo ako ukawafunsa amati ikufunika kachinthu kamodzi kokha. Chomasulidwa chikangogona nyengo imodzi chimakhala chagona, Limbani, ndipo matimati sadziwa kuti holide n'chiyani.

Kuseri kwa nkhokwe komweko uonenso zimene pakamwa pako pandiunjikira. Atsibweni ako a Gelesomu anakweza njinga yawo yamoto pa ngolo kuchokera ku Kabudula, ati mwana wa mlongo wawo tsopano ndi injiniya. Pali jenereta ya aphunzitsi aakulu a ku pulayimale, pali chopopera mankhwala, wina wabweretsa mpaka wotchi ya pakhoma. Aliyense unamuuza kuti musadandaule, siyani pompo, ndikabwera ndidzaona. Bwalo langa lasanduka galaja mwini wake asanalowe m'kalasi ngakhale tsiku limodzi. Eni ake akamadutsa amandipatsa moni wautali, maso ali kuseri kwa nkhokwe. Atsibweni ako ndawauza kale kuti ngolo imene inabweretsa ibwerenso idzatenge, ndipo andikwiyira, ati ndikutsekereza mwana wa mbumba yawo. Phunzira kunena kuti izi sindinaphunzire. Ndi mawu aafupi, sapweteka lilime, ndipo akanatipulumutsa tonse sabata yatha.

Tsopano ndifike pa chimene ukuopa, chifukwa ndine mayi ako ndipo ndinachimva ngakhale unachinena mokuwa. Ukuti anyamata aja anaseka tsiku la makolo akakuona ukutsika ndi thumba la feteleza adzakutcha Wapampu mpaka udzamalize sukulu. Ukutinso aphunzitsi akatsegula thumbalo adzaona kuti unamasula injini n'kulephera kubwezera, nkhani idzafika kwa a kampani, ndipo posankha opita ku galaja dzina lako adzalidumpha. Choyambacho n'choona, adzakutcha. Anyamata sasowa dzina lomutcha munthu, ukapanda thumba adzakutcha za makutu akowo. Dzina silitupitsa khungu. Mbewa ya manyazi inafera ku una, ndipo pano ikufa ndi matimati anga.

Chachiwiricho sindikudziwa, ndisakunamize. Sindinakhalepo m'chipinda chimene amasankhiramo anthu, ndipo mwina alipo wina amene adzakuseka n'kukuika kumbuyo. Chimene ndikudziwa n'cha ine mwini monga munthu wopereka chinthu kwa makaniko. Ndikanakhala ndi galimoto yatsopano, yodula ngati zimene amagulitsa iwowo, ndikanaipereka kwa mnyamata amene akasokoneza amabwera n'kunena kuti ndasokoneza apa, ndithandizeni. Sindikanaipereka kwa amene amakankhira zidutswa kunsi kwa bedi n'kuvala ovolosi yoyera kupita kukajambulitsa. Ndikukhulupirira kuti bambo wa tayi uja nayenso ali ndi maso, ndipo mphunzitsi wa imvi uja waona mainjini a m'malichero ambiri kuposa amene iwe ukuganiza. Sukulu anaimangira anthu osadziwa. Ukapita kumeneko ukunamizira kudziwa, ukatenga malo a mwana wa wina pachabe.

Ukafika usadikire kuti uzolowere kaye. Ukangosonyezedwa pogona, funsa kumene kuli mphunzitsi uja, umupatse moni ngati mmene tinakuphunzitsira, unene kuti ndine mwana wa mayi anafunsa za pampu aja. Adzandikumbuka, usakayike, anthu onse aja akundikumbuka. Umuuze zoona zake zonse, kuti unamasula ndiwe, ndipo ngati ukufuna unenenso kuti amayi anasesa, ine sindikuopa. Akakuuza kuti pakufunika chitsulo chatsopano, imba foni kwa abambo ako, nkhuku zilipo. Koma manja obwezera akhale ako, iye azingoloza. Ikalira, ukaipereke kwa wa minibasi aliyense wobwera pa Nsaru, ulembe dzina langa pa thumba, a kabaza onse amandidziwa.

Zina zonse zimene mayi amauza mwana ndinena mwachidule, chifukwa mkono watopa ndi ndowa. M'chikwama ndaikamo mtedza wokazinga, chiponde ndi sopo, ugawireko anzako koma usakhale sitolo. Usasambe m'manja ndi petulo ngati mmene ndinakuonera, khungu lidzang'ambika. Usalowe kunsi kwa galimoto imene yangoimikidwa pa jeke popanda chochirikiza, ngakhale wina akufulumize bwanji, chifukwa mwana wamwamuna ndili naye mmodzi. Zida za sukulu ubweze pamene wazitenga. Lamulungu upite ku tchalitchi, ndipo ovolosi uisiye ku hositelo, Mulungu akudziwa kale kuti unasankhidwa. Za mowa ndi za atsikana ndinanena chaka chatha mpaka mawu anandithera, sindibwereza. Uziimba foni ngakhale ulibe chopempha.

Ndakwiya, Limbani, sindibisa. Ndakwiya chifukwa dimba lija ndinalitipula ndekha m'mwezi wozizira, ndinafesa, ndinawokera, ndinamangirira mtengo uliwonse, ndikuwerengera kuti matimati amenewa ndiwo adzakusunge ku sukuluko mpaka mvula. Ndakwiya chifukwa msana wanga si wa mtsikana, ndipo kuchokera pa chitsime kukafika pa mabedi a kumtunda ndi chitunda chimene pampu inkandikwerera. Abambo ako amanyamula ndowa ziwiri n'kukumbukira kuti ali ndi msonkhano wa komiti. Koma kuposa kukwiya ndikuopa. Ndikuopa kuti mawa ukachoka n'kusiya thumba lija, udzakhala waphunzira phunziro loyamba la ntchito yako usanafike n'komwe ku koleji, lakuti munthu ukhoza kumasula chinthu cha wina, n'kusamba m'manja, n'kukwera njinga. Phunziro limenelo likalowa, palibe kampani kapena kompyuta imene idzalichotse.

Mabedi a kumtunda mwina ndawataya kale, ndavomera. A pakati ndi a kumunsi ndikhoza kulimbana nawo ndi ndowa kwa kanthawi, ngati ndikudziwa kuti pampu ikubwera. Ngati sikubwera, ndiuze mtima wanga usiye kuyembekezera, ndisankhe mabedi ochepa amene ndingakwanitse, enawo ndiwasiyire dzuwa.

Sindikukakamiza. Wakula, ndevu zayamba, ndipo sindingakumangirire thumba kumsana ngati mwana wopita ku chigayo. Wa kabaza wa njinga yamoto amene akutenge mawa ndamuuza abwere ndi chingwe chachitali, zoti achigwiritse ntchito kapena ayi umuuza ndiwe. Thumba ndaliika mkati mwa lina kuti mafuta asadetse chikwama chako, ndipo tizitsulo tating'onoting'ono ndatimanga patokha m'kansalu.

Mawa podzuka sundipeza. Madzi amafunika kuthira dzuwa lisanakwere, ndiye ndidzalawirira ku dimba, phala udzalipeza pa moto. Abambo ako adzakupempherera ndi kukuperekeza, zimenezo amazitha bwino. Usaganize kuti ndathawa kutsanzikana nawe chifukwa cha mkwiyo, ngakhale mkwiyowo ulipo. Njira ya pa Nsaru imadutsa pa kamlatho ka pamwamba pa dimba lathu, ndipo njinga yamoto imamveka ikadali kutali. Ndikadzaimva ndidzatula ndowa n'kuweramuka. Ngati thumba lili kumbuyo kwako, ndidzaliona. Ngati palibe, ndidzaonanso, ndipo mkono ndidzakweza chimodzimodzi, chifukwa ndiwe mwana wanga. Kenako ndidzatola ndowa zanga.

Uyende bwino, Ambuye akutsogolere.

Ndine mayi ako,
Nabanda